Tsiku Limene Ndinasenza Lamulo Langa

Tadala, tseka kaye bukulo. Funso lakolo ndalimva: akuti nyumba yachiwiri ya malamulo, imene aphunzitsi ako akuitcha Seneti, ntchito yake n'chiyani? Wafunsa abambo ako akuloza kwa amayi ako, amayi ako akuti ali ndi zochapa, tsono wafika kwa ine ngati kotsirizira. Sindikukwiya. Koma dziwa kuti pakhomo pano munthu amene anaionapo nyumba yotere ikugwira ntchito, mpaka kumuvula nsapato, ndine. Khalani pansi nonse, manja azisenda nandoloyo, makutu akhale kuno. Iwe Limbani usanamizire kuti foni yalira. Ndiwe wamkulu pa adzukulu anga onse, uli ndi ndevu ndi mpando mu komiti, ndipo nkhaniyi ikukukhudza kuposa anzakowa.

Ana inu mumandidziwa ngati munthu wa kuno kumsewu, koma ine ndinabadwira kutsidya kwa Namiwale, m'khwawa muja mumakana kupitamo ati ndi kutali. Kumeneko n'kumene makolo athu anatula katundu atachokera ku Mozambiki. Ndinakulira makaka, chinangwa chouma chija mumachinyoza, ndi kalongonda, mtundu uja wa nyemba, amene amayi ankamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuphikanso, kufikira ululu wake utatha. Nthochi ndiye sitinkaziwerengera ngati chakudya, zinkangopsera m'munda mbalame n'kumadya. Lero mumagula imodzi pa Masambanjati n'kumagawana atatu. Tinali awiri m'mimba mwa amayi: achemwali anga a Esinati, amene ena mwa inu munawapeza ali moyo, ndi ine wotsatira. Iwo ndi amene ankandiwolotsa Namiwale kumsana popita kusukulu.

Nditakula ndinalowa ntchito kuesiteti. Ndinatchola tiyi zaka zochepa chabe, chifukwa ndinkadziwa kuwerenga ndi kukuwa, ndipo munthu wodziwa ziwirizi amasanduka kapitawo. Ntchito yanga inali kuima pamwamba pa mzere n'kumakalipira anthu kuti masamba awiri ndi kansonga, osati nthambi. Kenaka ndinakwatira anganga anu awa, n'kubwera kuno ngati mkamwini. Ndinagula njinga. Ndinakwera sitima pa Khonjeni kupita ku Limbe kukagula nsapato zakuda zachikopa, ndipo ulendo wonse wobwerera ndinazikumbatira pachifuwa poopa anthu a m'sitima, amene ankakwera ndi nkhuku, mitolo ya nzimbe ndi nsomba zouma. Inu simudziwa fungo la sitima. Mumangodziwa kabaza wokutsitsani pakhomo penipeni ngati odwala. Nsapato zimenezo zinkalira poyenda, ndipo ine ndinkaponda mwadala kuti zimveke.

Nthawi imene matipate ankabwera ndinali nditasiya kuesiteti, ndikulima tiyi wangawanga pamunda wa anganga anu. Masiku amenewo wailesi sinkazima. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa kuti tipeze mphamvu yomvera nkhani zamadzulo. Tinamva kuti dziko lidzakhala ndi nyumba ziwiri za malamulo: ina yopanga, ina ya akuluakulu yobwereza kuona zimene anzawo apanga. Ya dzikoyo sinakhalepo pansi ndi tsiku limodzi lomwe, anaichotsa isanayambe, ndipo zifukwa zake ukafunse aphunzitsi ako. Koma ife alimi a tiyi a kuno, pokonza bungwe lathu, tinali titaitengera kale. Tinati nafenso tikhale ndi ziwiri.

Nyumba yapansi inali komiti yosankhidwa ndi mavoti, ndipo inkakumana mu ofesi pafupi ndi shedi yoyezera tiyi. Mlembi wake ndinali ine. Nyumba yapamwamba inali ya anthu asanu ndi awiri amene anakhala pa ntchito ya tiyi kwa nthawi yaitali kuposa onse, ndipo inkakumana kumtunda kwa shediyo, patsinde pa mbawa uja. Iwo analibe mphamvu yopanga lamulo kapena kulipha. Ankatha kufunsa mafunso, kuitana aliyense kuti adzayankhe, kulisunga lamulo kwa miyezi ingapo, ndi kulibweza kwa ife atalikonza. Anali ndi chizolowezi chawo chimene anachiyamba okha. Wobweretsa lamulo ankaliwerenga mokweza katatu, kachitatuko m'Chilomwe. Akakayikira, ankati lamulolo liyende kaye, kutanthauza kuti mwini wakeyo alichite yekha ndi thupi lake, pamalo ovuta kwambiri ndi pa nyengo yovuta kwambiri, iwo akuonerera.

Wapampando wawo anali mayi Nakhuwa, kamunthu kafupi, kosadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koyenda ndi ambulera dzuwa ndi mvula yomwe. Ankafwenkha fodya asanafunse funso lililonse, moti ukangoona akutsegula kabotolo kawo unkadziwa kuti zako zada. Zaka zambiri anatchola tiyi pa mzere umene ine ndinali kapitawo, ndipo ndikukhulupirira kuti mawu onse amene ndinawakalipira anawasunga.

Tsono vuto limene linabala lamulo langa linali lenileni, musaganize kuti ndinkangofuna kutchuka. Kutsidya kunali kashedi kakang'ono, ndipo lole inkazungulira njira yoipa kukatenga tiyi kumeneko. Mvula ikagwa inkatitimira m'matope mpaka masana. Tiyi akakhalitsa mothinana amatentha, n'kufiira, ndipo kufakitale amamukana. Choncho tiyi wa anthu onse ankawonongeka chifukwa cha kashedi kamodzi. Ine ndinalemba kuti kashediko katsekedwe, aliyense azibweretsa tiyi wake kushedi ya kumsewu isanakwane naini koloko, ndipo wochedwa katatu afufutidwe m'bungwe. Munthu wofufutidwa analibe kwina kogulitsa tiyi wake. Mtunda ndinauyesa ndekha pa njinga, mwezi wa Okutobala, Namiwale atauma mpaka mbuzi kumadumpha osanyowa. Ndinapeza kuti ndi kaulendo kakafupi. Komiti inaomba m'manja, lamulo n'kudutsa popanda wotsutsa, pakuti tonse a mu komitimo tinali a kumsewu.

Achemwali anga a Esinati pa nthawiyo anali ataferedwa amuna awo, ali ndi ana atatu ndi munda wa tiyi umene anabzala ndi amayi athu. Ndinapita kukawafotokozera za lamulolo ngati ndikuwapatsa mphatso. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kundipatsa thobwa. Pochoka ndinaona kuti akunola khasu lalikulu ndipo pakhonde aunjika mitengo ya chinangwa yobzala. Ndinafunsa kuti chinangwa chonsecho achibzala pati.

"Pamene pali tiyipo, achimwene," anatero. "Kuli bwino ndimuzule ndekha kusiyana n'kuti mundifufute."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti angophunzira kulawirira. Mawu amenewo amandichititsabe manyazi mpaka lero.

Lamulo linakwera kumtunda. Ndinaliwerenga kawiri m'Chichewa mokoma, mawu akumveka mpaka kumsewu. Pa Chilomwe ndinapunthwa, chifukwa kuesiteti ndinali nditazolowera kusakaniza ndi Chingerezi, ndipo nkhalamba zija zinkandikonza liwu ndi liwu mosangalala. Kenaka kabotolo ka fodya kanatseguka. Mayi Nakhuwa anafunsa kuti mtunda ndinauyesa mwezi uti, ndinayankha. Anafunsa kuti tiyi amachuluka mwezi uti, ndinati nthawi ya mvula, zimenezo ngakhale mwana akudziwa. Anafunsa ngati njinga yanga inanyamula dengu tsiku limenelo, ndinati ayi. Anayetsemula, n'kupukuta mphuno, n'kunena kuti lamuloli ndi labwino kwambiri, moti sangafune kuti lidutse mwamseri, liyende kaye mu Januwale anthu onse aone.

Kuchokera Okutobala kudikira Januwale! Ndinatsika ndili wotupa ndi mkwiyo. Mu komiti tinawanyoza mokwanira. Tinkati nyumba yapamwamba ndi nyumba ya tulo, yongochedwetsa chitukuko, ndipo wina anapereka maganizo akuti tingoithetsa n'kudula mbawawo tipange mabenchi. Pa miyezi imeneyo iwo sanagone ayi. Tinkamva kuti aitana kalaliki woyeza tiyi kudzamufunsa mafunso, sabata ina aitana amayi a kutsidya, kenaka aitana a Jafali, mwini lole, Msilamu wa pa Masambanjati amene ankatinyamulira tiyi. Ine ndinkati akungofuna pomwera tiyi waulere. Achemwali anga anauzidwa kuti khasu aliike pansi kufikira Januwale, ndipo anamvera, ngakhale mitengo ya chinangwa ija anaikwirira pamthunzi kuti isaume.

Januwale anafika ndi mvumbi wa sabata yathunthu. Malamulo a tsikulo anali osavuta: ndikagone kutsidya, kukacha nditchole dengu lodzaza m'munda wakutali kuposa yonse, umene unali wa achemwali anga, ndilisenze mpaka kushedi isanakwane naini. Dzulo lake ndinapita ndekha kwa a Jafali n'kuwauza kuti mawa naini ikangokwana anyamuke, ngakhale ataona mayi wawo wowabala akubwera ndi dengu. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndine mlembi. Anganga anu anandichonderera kuti ndivale majombo, koma ine ndinati munthu wa udindo saoneka pagulu ndi majombo. Ndinavala nsapato zakuda zija.

Kutchola kokhako kunandilanga. Zala zimene zinazolowera kuloza zinali zitaiwala ntchito. Mame ndi mvula zinandinyowetsa mpaka m'chiuno, thumba la feteleza limene ndinadzikulunga silinathandize, ndipo achemwali anadzaza dengu lawo langa lisanafike pakati. Anayang'ana m'dengu langa, n'kutolamo kanthambi, n'kukaonetsa kumaso kwanga. Kenaka anayamba kuthiramo wawo kuti tinyamuke, poti nyumba yapamwamba inalola kuti andithandize kutchola, osati kusenza.

Tiyi wonyowa amalemera, ana inu. Khosi langa linalowa m'mapewa. Titafika pa Namiwale tinapeza madzi ofiira atasefukira, akukokolola zitsa za nthochi. Kutsidya linalo, pakamtunda, panali nyumba yapamwamba yonse itakhala pamzere pansi pa maambulera, ndipo mmodzi wa iwo anali atanyamula wotchi yapakhoma ya mu ofesi mwanga, ataikulunga m'pulasitiki, akuitembenuzira kwa ine kuti ndiziiona bwino. Anthu anali atadzaza ngati kuli mpira. Mayi Nakhuwa anakweza ambulera n'kundipatsa moni wa m'mawa mwaulemu wonse: "Moseliwa, a mlembi!"

Achemwali anatula dengu lawo n'kukhala pamwala. Anati tidikire. Pakati pa mtsinjewo pali mwala wakuda wosongoka, ndipo anthu a kutsidya sawoloka kufikira mutu wake utaonekera. Ine ndinkazidziwa zimenezo ndili mwana, ndinkauyang'ana mwala umenewo ndili kumsana kwawo, koma zaka za pa njinga zinali zitandiiwalitsa. Tinadikira. Wotchi inkayenda, anthu akuseka, mwala osaoneka. Nditaona kuti yadutsa hafu eyiti ndinati ine sindingadikire mwala, n'kulowa m'madzi.

Masitepe atatu oyamba ndinayenda ngati mwamuna. Lachinayi phazi linalowa pakati pa miyala, madzi anandimenya m'chiuno, dengu n'kupendekeka. Ndinamva dzanja likundigwira lamba kumbuyo. Anali achemwali, atalumphira m'madzi ndi chitenje chawo, dzanja lina atagwira dengu langa kuti lisagwe. Anandikoka n'kundiuza poponda, mwala ndi mwala, monga ankachitira kale. Titatuluka, phazi lakumanja linali lopanda kanthu. Nsapato ya ku Limbe inali paulendo wopita ku Ruo, ndipo anthu onse anaiperekeza ndi maso mpaka inakhota. Achemwali anabwereranso kukatenga dengu lawo, madzi atatsikako, n'kuwoloka mosavuta.

Ndili chiimire pamenepo, ndinawayang'ana akuwoloka kachiwiri. Mayi wa ana atatu, wopanda mwamuna, dengu pamutu, madzi m'ntchafu. Ndinazindikira kuti lamulo langa likanawauza kuti azichita zimenezi tsiku ndi tsiku mothamangitsana ndi wotchi, osadikira mwala, ndipo tsiku lina sipakanakhala wowagwira lamba. Mantha anandigwira kuposa kuzizira. Anthu ankaseka za nsapato, koma ine kuseka kunali kutandithera.

Chitunda chokwera kushedi ndi cha dothi lofiira loterera, mumachidziwa. Ndi nsapato imodzi munthu amayenda ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Ndinagwa kawiri, kachiwiriko chagada. Nyumba yapamwamba inkabwera pambuyo panga pang'onopang'ono ndi wotchi yawo, akukambirana za mitengo ya fodya. Ndili pakati pa chitunda ndinamva hutala. Ndinatukula maso n'kuona lole ikutuluka pashedi, a Jafali atatulutsa dzanja pazenera akundibayibitsa mwaulemu. Ndinakuwa, ndinaimika dzanja, koma munthuyo ankangotsata zimene mlembi anamuuza. Pashedi ndinafika teni itadutsa, kalaliki atapachika kale sikelo.

Tinakhala pansi pa mbawa. Madengu awiri a tiyi wa achemwali anga anali pakati, ndipo ndinapisamo dzanja n'kumva kuti wayamba kufunda. Ntchito yawo ya tsiku lonse inali kuwonongeka chifukwa cha ine. Mayi Nakhuwa sanafulumire. Anandipempha kuti ndiwerengenso lamulo, makamaka pamene pakuti wochedwa katatu afufutidwe, ndipo ndinawerenga ndi mawu aang'ono kwambiri. Anafwenkha fodya.

"A mlembi, kamodzi kakwana kale," anatero. "Kwatsala kawiri. Mawa mubweranso?"

Anthu anaseka chikhakhali, ena mpaka kugwira m'mimba. Kenaka ndinaimirira n'kunena pamaso pa onse kuti lamulolo ndi loipa, ling'ambidwe. Mayi Nakhuwa anakana. Anati kung'amba si ntchito yawo, ndiponso lamulolo si loipa lonse, chifukwa lole yotitimira m'matope imawonongadi tiyi wa aliyense. Anandiuza kuti ndikhale pansi, pali chimene akudikira.

Itatsala pang'ono thwelofu tinamva injini. Inali lole ya a Jafali yomweyo, ikuchokera mbali ya ku Nsabwe pa ulendo wake wachiwiri wa kufakitale, kumbuyo kuli malo ambiri. Mayi Nakhuwa anatsikira kumsewu n'kutukula ambulera, lole n'kuima. Zinapezeka kuti imadutsa pamenepo masana alionse, zaka zonsezo, ndipo palibe wa mu komiti amene anaganizapo zowafunsa a Jafali za ulendo umenewo. Nyumba ya tulo ija ndi imene inafunsa. Kalaliki anatsitsa sikelo, tiyi wa achemwali anayezedwa n'kukwera asanafiire. Pokweza madengu a Jafali anandiyang'ana kuphazi n'kunena kuti pa Masambanjati pali munthu wogulitsa nsapato imodziimodzi, akhoza kundilankhulira.

Lamulo linabwerera kunyumba yapansi litasintha. Kashedi ka kutsidya katsekedwe ndithu, lole isapitenso m'matope. Naini koloko ikhale ya anthu a kumsewu, a kutsidya azikweza pa ulendo wamasana. Mawu ofufuta munthu achotsedwe. Ndipo zonsezi zisayambe kufikira alimi onse, a kumsewu ndi a kutsidya omwe, atamanga mlatho wa mitengo ya bulugamu pa Namiwale. Ndinaliwerenga ndekha mu komiti ndili wopanda nsapato, ndipo amene ankafuna kudula mbawa uja ndiye anayamba kukweza dzanja. Mlatho umene mumadutsapo popita kwa azakhali anu ndi wachitatu, koma uli pamalo omwewo. Chinangwa chija achemwali anachibzala m'mphepete mwa munda, ndipo chitakhwima ananditumizira makaka thumba lonse. Sanatchulepo za tsikulo mpaka anamwalira. Tiyi wawo alipobe, akutchola ndi ana awo, ndipo ndikamuona ataphuka mvula yoyamba mtima wanga umakondwa.

Mwakhala mukufunsa chifukwa chimene nsapato imodzi yakuda imakhalira pamwamba pa chitseko changa, anganga anu n'kumakuuzani kuti ndi mankhwala a makoswe. Tsopano mwadziwa. Tadala, lemba m'bukumo mmene aphunzitsi akufunira, kuti nyumba yachiwiri imaunika malamulo ndi zochita za boma, imafunsa mafunso, imabweza kuti akonze. Ukhoza mayeso. Koma ukafuna kulemba za ine, lemba kuti ndi anthu amene amafunsa kuti mtunda unauyesa mwezi uti.

Tsono iwe Limbani. Mayi Nakhuwa anapita kalekale, ndipo pampando wawo patsinde pa mbawa pakukhala ine, zimenezo ukudziwa. Chimene sukudziwa n'chakuti lamulo lako lafika kale m'manja mwanga. Akuti mlimi aliyense azitumiza uthenga pafoni madzulo kunena tiyi amene abweretse mawa, ndipo wosatumiza asamuyezere. Komiti yaomba m'manja, ndamva. Ndi lamulo labwino kwambiri, mdzukulu wanga, ndipo vuto limene ukufuna kuthetsa ndi lenileni. Lachitatu ubwere udzaliwerenge katatu, uyambiretu kupukuta Chilomwe chakocho. Mvula ikakhazikika tidzatsikira limodzi m'khwawa, m'munda wa anganga a Esinati, kumene azakhali ako amakwera chulu kuti foni igwire, ndipo ukatumize uthengawo uli pakati pa tiyi, ife tikuonerera. Wotchi ija ikadalipo. Nsapato zako zoyerazo uvale ngati watopa nazo, pamwamba pa chitseko pali malo a ina.